Matailosi Makumi Awiri ndi Atatu Amene Ndinaswa

Ana anga, mwandiumiriza nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga. Ndilemba zimene ndinagwira ndi manja. Za ubwana zisiyeni. Ndinaweta mbuzi monga wina aliyense.

1911

Ntchito yanga yoyamba inali ku mishoni kumene ndinaphunzira kuwerenga, kulemba kalata ndi kuwonkhetsa. Mzungu woyang'anira zomanga, munthu wamtali wosaseka, anandiika poumba njerwa. Zaka ziwiri ndinali ndi chikombole, msana wopindika, matope mpaka m'mawondo. Pambuyo pake anandipatsa mpeni womangira ndi chingwe. Munthu uyu sankatamanda aliyense. Khoma likapotoka ankalikankha ndi phazi, nkuchoka. Langa analikankha kawiri. Kachitatu anaima, analiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, nkupitirira. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndine mmisiri. Tinkamanga ndi dothi la pachulu. Njerwa tinkaitola pamulu ili youma, kuipaka matope, kuikhazika, nkugogoda kamodzi. Simenti ndinkangomumva dzina.

1917

Nkhondo ya Jeremani inatenga amuna ambiri a kwathu kukanyamula katundu. Ine anandisiya chifukwa ndinali kumanga nyumba zosungiramo chimanga ku Boma. Misomali inasowa, mchere unasowa, nsalu inasowa. Madenga tinkamanga ndi luzi, zitseko tinkapachika pa zikopa. Palibe denga langa limene linagwa. Chaka chimenechi ndinakwatira amayi anu, Nabanda, ndipo ndinalowa chikamwini pamudzi pawo pafupi ndi mtsinje wa Katete. Iwo anali woumba mbiya, monga analiri amayi awo. Ndinene zoona: ntchito yawoyo sindinkaiwerengera. Ndinkati ine ndimamanga za azungu ndi chingwe ndi levulo yoyezera khoma, iwo amangoseweretsa dothi kuseri kwa nyumba.

1922

Azungu a fodya anali kugwetsa mitengo kunsi kwa mapiri a Mphangwe. Ndinalembedwa ntchito kwa mmodzi wa iwo amene tinkamutcha Bwana Chipewa, chifukwa panalibe amene anaonapo mutu wake uli wosavala. Ndinamumangira mabalani atatu owotchera fodya, nyumba yogona, ndi khitchini kuseri kwake. Ndinkalandira masheleni makumi awiri pa mwezi. Pa munda wonse panalibe munthu wakuda wondiposa malipiro, ngakhale kapitawo Samisoni, ndipo iye zimenezi zinkamudya mumtima.

Dona, mkazi wa bwanayo, atabwera kuchokera kwawo, analowa m'khitchini kamodzi, naona khoma la kuseri kwa chitofu litada ndi utsi ndi mafuta. Anagwira mphuno, natuluka. Khukhi, a Zuze, munthu wamfupi wa ku Tete amene pakamwa pake sipankatsekeka, anandiuza kuti dona walemba kalata kwawo kuitanitsa zinthu zoveka khoma. Ndinati khoma silivala. A Zuze anati, "Amisiri, khalani moyo, muona."

Inapita miyezi isanu ndi itatu. M'nyengo ya fumbi, masana ena, anafika amuna asanu ndi mmodzi. Awiri anapingiza mgolo wa simenti pa mtengo. Anayi anasenza mabokosi, aliyense lake. Anatula pansi pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana wodwala. Mtsogoleri wawo anali a Mbewe, munthu wa imvi wa cha ku Vubwi. Atachotsa nkhata ndinaona kuti pakati pa mutu pawo tsitsi linatha kale. Anandiuza kuti ayenda masabata awiri ndi masiku awiri kuchokera ku Tete. Mzungu wa kudoko anawauza kuti m'mabokosi muli zinthu zosweka, ndipo chikasweka chimodzi sadzaona ndalama. Pa mtsinje wina mmodzi wa iwo anaterereka, madzi anatenga bulangeti lake, koma bokosi sanalisiye.

Bwana anali atapita ku Boma kwa sabata yathunthu. Anasiya mawu kwa kapitawo akuti amtengatenga adikire, adzawalipira akabwera, masheleni asanu munthu aliyense. Anatinso tailosi lililonse losweka panjira adzadula sheleni imodzi pa malipiro a anayi osenza mabokosi aja. Dona anali gone ndi malungo, ndipo anatuma khukhi kudzanena kuti nditsegule mabokosi ndiyambe ntchito. Potsegula tinalipo awiri, ine ndi kapitawo.

Ana anga, inu mwakula mukuona zinthu izi m'zipatala ndi m'masitolo, ndiye simungamve. Ine ndinachotsa udzu wapamwamba, ndinatulutsa limodzi, ndipo ndinangoti kakasi. Linali loyera kuposa ufa wa mphale, losalala kuposa dzira, lozizira m'dzanja ngakhale dzuwa linali kuswa mtengo. Ndinaonamo nkhope yanga. Ndinatulutsa lachiwiri nkuliika pamwamba pa loyamba. Anafanana ndendende, osasiyana ngakhale ndi tsitsi limodzi. Lachitatu chimodzimodzi, lakhumi chimodzimodzi. Ine ndaumba njerwa zikwizikwi m'chikombole chimodzi, koma sindinaonepo ziwiri zotuluka muuvuni zili zofanana. Ndinadzifunsa kuti kodi munthu amene anaumba izi ali ndi manja onga angawa? Moto wake ndi wa nkhuni zanji? Ndinadonthezapo madzi, madzi anathawa osasiya chizindikiro. Tinawerenga onse. Anali mazana awiri. Anawoloka nyanja yamchere, anakwera Zambezi pa sitima, anadutsa mapiri pamitu ya anthu. Panalibe ndi limodzi lomwe losweka, ngakhale lobenthuka ngodya.

Madzulo a Mbewe anabwera pakhomo pa khitchini, nakhala pansi, naomba m'manja.

"Amisiri, pepani. Tifuna tione chimene chatithyola makosi."

Ndinawapatsa limodzi. Analandira ndi manja awiri. Anzawo anaunjikana kumbuyo.

"Mbale yopanda mkombero? Msuzi sutayika?"

"Si mbale. Nzomata pakhoma."

"Pakhoma? Kuti khoma litani?"

"Kuti lisade ndi utsi."

A Mbewe anayang'ana khoma, anayang'ana anzawo. Amene anataya bulangeti uja anati, "Ine ndimayesa ndasenza mankhwala a chipatala." A Zuze anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iwe, wasenza malaya a khoma langa! Ndipo donayo muno salowamo. Udzabwere Lamulungu udzandione ndikudziyang'anira pagalasi ndikukazinga anyezi." Onse anaseka. A Mbewe anapukuta tailosi lija ndi nsalu yawo asanandibwezere, ngakhale linalibe fumbi.

Panalibe wondiuza kamatidwe kake, ndipo ine sindinafunse. Ndikanafunsa yani? Bwana kunalibe. Kapitawo ndiye sindikanamufunsa ngakhale kuti kunja kwacha. A Zuze anati anaonapo khoma lotere m'nyumba ya Mpwitikizi ku Tete koma sanaone pomata, ndipo ine ndinawauza kuti asamale miphika yawo. Ndinaganiza kuti chimene chimagwira njerwa chigwiranso izi. Lachisanu m'mawa ndinakanda simenti ndi mchenga wa kumtsinje wosefa bwino. Ndinakoka chingwe. Ndinatola tailosi mu udzu lili louma monga ndinkatolera njerwa pamulu, kulipaka simenti kumsana, kulikhazika, nkugogoda kamodzi. Ndinaona kuti simenti akuuma msanga pa mpeni, koma ndinati ndi mmene alili simenti. Pofika madzulo ndinali nditamata mizere inayi, matailosi khumi ndi awiri mzere uliwonse. Dzuwa linalowa pawindo nkugunda pakhomapo, ndipo khitchini yonse inawala ngati muli madzi. Anthu ochokera ku mabalani anaima pakhomo mwakachetechete, ena atavula zisoti ngati ali m'tchalitchi. Sindibisa, ndinadzimva.

Loweruka masana, ndili panja kusefa mchenga, a Zuze analowa ndi mtolo wa nkhuni nkuuponya pansi pafupi ndi khoma monga ankachitira masiku onse. Ndinamva phokoso ngati la mbale za nyumba yonse. Nditalowa ndinapeza mizere iwiri yapamwamba ili pansi, ndipo ena anali kugwabe limodzilimodzi ine ndikuona. Ndinathamanga kugwira otsalawo ndi manja ndi chifuwa. Ankachoka okha, opepuka, ngati nkhanambo ya chilonda chopola. Simenti anatsala pakhoma, ndipo ndikamukhudza ankayoyoka ngati mchenga. Osweka anali makumi awiri ndi atatu.

Kapitawo Samisoni anamva phokoso, nabwera. Anatola phale limodzi, nalitembenuza, napukuta kumsana kwake ndi chala. Linayera mbee, ngati silinakhudzepo simenti.

"Amisiri, Mulungu amakukondani," anatero. "Taonani, palibe chizindikiro. Bwezerani mapalewa mu udzu. Potsegula tinalipo awiri. Tidzati tinawapeza chomwecho."

"Nanga anthu aja?"

"Anthu ati? Aja ndi apaulendo. Lachitatu adzakhala atapita, simudzawaonanso. Koma inu muli ndi dzina. Bwana akamva kuti mmisiri wake wamkulu sadziwa ntchito, mawa lake mabwana onse mpaka ku Boma amva. Mudzamanga chiyani? Makola a nkhumba?"

Ananena zoona, ndipo ndinadziwa kuti sakunena chifukwa chondikonda. Ankafuna kuti ndikhale m'thumba mwake. Koma ndinawerengera mumtima. Masheleni makumi awiri ndi atatu anaposa mwezi wanga wonse, ndipo nyengo ya msonkho inali pafupi. Kwa anthu anayi aja, malipiro awo onse pamodzi anali makumi awiri. Akanabwerera ku Vubwi chimanjamanja, wina wopanda ndi bulangeti lomwe. Ndinasonkhanitsa mapale, ndinawaika m'bokosi, ndinavundikira ndi udzu. Inde, ndinavundikira. Lembani zimenezo m'mitima mwanu, kuti atate anu anafika mpaka pamenepo. Phale limodzi ndinaika m'thumba, ndipo ndinapita kumudzi.

Lamulungu m'mawa sindinapite kukapemphera. Ndinakhala pakhonde ndikutembenuza phale lija. Chimene chinkandiwawa koposa nchakuti sindinkadziwa chimene ndinalakwitsa. Chingwe chinali choongoka, mchenga unali wabwino. Amayi anu anabwera ndi madzi osamba, naona.

"A Phiri, chimenecho nchiyani?"

"Za kuntchito. Simungazidziwe."

"Tabweretsani."

Anachitenga. Mbali yonyezimira anangoiyang'ana pang'ono. Anatembenuza kumsana, anakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, kenako anagunditsa lilime. Phale linamatirira palilime pawo, nkulendewera. Analichotsa, naseka.

"Iii, a Phiri! Ndi mbiya iyi."

"Musalankhule zopusa. Chachokera kutsidya kwa nyanja."

"Chichokere kumene chachokera, ndi dothi lowotcha. Kunoku akupaka zonyezimira, koma kumsanaku ndi mtsuko watsopano. Chili ndi ludzu. Mtsuko watsopano mukathiramo madzi madzulo, m'mawa mumawapeza onse? Munachiviika musanamate?"

"Kuviika chiyani? Njerwa saviika."

"Njerwa zanu mumamata ndi matope, zimangokhalirana. Ichi chinamwa madzi onse a simenti wanuyo, iye nkutsala ufa. Ndani sakanagwa?"

Anatenga chikho cha madzi naponyamo phale lija. Ana anga, linalira. Linatulutsa thovu ting'onoting'ono tambirimbiri, likuti siii, ngati nyerere zikuyenda pa masamba ouma. Tinaweramira chikhocho tonse awiri mpaka linaleka. Ine mmisiri wa zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala pamenepo pakamwa pali yasa. Chinthu chimene ndinkachiopa ngati chopangidwa ndi angelo chinali mbale wake wa mphika wa ndiwo, ndipo mkazi wosadziwa kulemba dzina lake anachizindikira ndi lilime.

Ndinawauza zonse, ndi za kapitawo zomwe, ndi za udzu. Sanandilalikire. Anangofunsa kuti, "Anthu osenza aja adya chiyani chifikire?" Ndinati sindidziwa. Anati, "Hmm," natenga chikho chawo nkupita kuseri.

Lolemba Bwana Chipewa anafika dzuwa lili pamutu. Anakhala pakhonde ndi kabokosi ka ndalama, amtengatenga atakhala pansi pabwalo, kapitawo ataima pambali. Anafunsa kuti osweka ndi angati. Kapitawo anati makumi awiri ndi atatu, nandiyang'ana. A Mbewe anadzidzimuka. Anangoika dzanja pamutu pamene panatha tsitsi paja. Ine ndinanyamula bokosi la mapale, ndinaliika pa masitepe.

"Bwana, anthu awa anafikitsa mazana awiri amphumphu. Ndinawerenga ndine. Awa ndaswa ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma akakwiya chinkamveka.

"Iwe, Phiri? Iwe waswa? Iwe udziwa mtengo wake?"

"Sheleni imodzi lililonse, bwana."

"Sheleni! Kwathu ichi ndi ndalama yaing'ono. Koma sitima ya nyanja idya, sitima ya mtsinje idya, Mpwitikizi adya, anthu awa adya. Miyezi isanu ndi itatu! Khoma ili laposa mtengo wa ng'ombe zitatu. Ndi simenti wanga? Uganiza simenti amera m'munda?"

Anaponya chipewa chake pansi. Tsiku limenelo tonse tinaona mutu wake, koma panalibe amene anaseka. Anati ndidzalipira osweka onse, ndi masheleni khumi a simenti pamwamba. Anati ndichoke pamunda pake, aitana mmisiri wa Chimwenye ku Boma. Ndinati, "Bwana, ndalama dulani. Koma ndipatseni masiku atatu. Likagwa limodzi, ndichoka osatsazika." Anafunsa kuti tsopano ndadziwa bwanji zimene sindinadziwe Lachisanu. Ndinati ndafunsa kwa mmisiri wina. Sanafunse dzina, ndipo ine sindinanene. Analipira amtengatenga masheleni awo asanu asanu, ine ndikuona.

Ndinapala khoma lonse mpaka njerwa zinaoneka. Ndinabwereka bafa lachitsulo la dona kudzera kwa a Zuze, ndinadzaza madzi, ndinamizamo matailosi onse otsala. Bafa lonse linalira ngati mvula ikubwera patali. A Zuze anagwada pambali kumvetsera, nati, "Amisiri, akudandaula ulendo." Matailosiwo ndinawasiya m'madzi mpaka m'mawa. Khoma nalo ndinalimwetsa. Ndipo pomata ndinamva kusiyana m'dzanja momwe: simenti anakhala wofewa, tailosi linkakhazikika ngati phazi m'dambo, ndipo ndikaligogoda linkayankha ndi mawu odzaza. Simenti anali wochepa, choncho ndinkatola ndi kakudontha komwe. Popeza matailosi anaperewera, mapale aakulu ndinawasongola pa mwala wonolera nkuwamata m'munsi kuseri kwa chitofu, kumene amaona ndi mphemvu zokha.

A Mbewe ndi anzawo ananyamuka Lachitatu atasenza mabelo a fodya opita ku Tete. Asanapite anabwera pakhomo pa khitchini. Mizere isanu ndi umodzi inali itakwera. Anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Kodi ndi zomwe zija?" Ndinati ndi zomwezo. Anati, "Ndikakawauza kwathu adzati ndanama." Anaomba m'manja katatu, nasenza belo lawo. Za mapale sanatchule, ine sindinatchule. Sindinawaonenso.

Lachisanu Bwana anabwera ndi mpeni wake wa m'thumba. Analowetsa nsonga pampata, nakanula. Anayesa pena, nayesanso pena. Anatenga chikuni namenya khoma pambali. Palibe chinagwedezeka. Anapinda mpeni wake, natuluka. Kwa ine zimenezo zinakwana. Dona atachira analowa, anayendetsa chala pakhoma, analira pang'ono, nanena mawu a kwawo amene sindinawamve. A Zuze ankalipukuta kawiri pa tsiku ndipo sankalola munthu kuliyandikira ndi manja akuda. Amayi a m'midzi yozungulira ankabwera ndi mazira ogulitsa kuti angosuzumira. Kapitawo Samisoni sanandilankhulenso mpaka ndinachoka pamundapo.

Masheleni makumi atatu ndi atatu anadulidwa onse, osasiyako ndi tiki yomwe. Mwezi woyamba sindinalandire kanthu, wachiwiri ndinalandira asanu ndi awiri. Amesinjala a msonkho sanadikire. Amayi anu anapita kumtapo kukakumba dothi ali ndi pakati pa iwe Yona. Anaumba mitsuko ndi miphika, anawotcha, nasenza kupita nayo m'makomboni a minda ya fodya mpaka ku Sinda, kugulitsa pa makobiri. Msonkho wa chaka chimenecho unalipidwa ndi mbiya. Ndinapita nazo ndekha ndalamazo kwa kalaliki, zili makobiri okhaokha m'kansalu, ndipo iye anandifunsa ngati mmisiri wa Bwana Chipewa wayamba kupemphetsa. Ndinalipira nkutuluka.

Pambuyo pake ndinamata makhoma otere m'nyumba zina zambiri, ndipo azungu ankatumizana dzina langa. Palibe tailosi langa linagwanso. Aliyense amene ndinamuphunzitsa ntchito ndinkayamba ndi kumugunditsa lilime kumsana kwa tailosi, ndipo ndinkamuuza amene anandiphunzitsa ine. Koma kwa mwini wakeyo sindinanenepo zikomo. Pakamwa panga panali pouma, mukundidziwa. Iwonso sanandikumbutse za msonkho ngakhale tsiku limodzi, ngakhale tikayambana. Chokhacho, ndikafuna kuchita chinthu mwaphuma, kaya kugula ng'ombe, kaya kukalipira mmodzi wa inu, kaya kuyankha mlandu pabwalo, ankandiyang'ana cham'mbali ali pa ntchito yawo, nkufunsa motsitsa mawu kuti ana asamve:

"A Phiri, mwaviika?"

Ndipo ine ndinkakhala pansi.